Mafunso ndi Mayankho: Mabakiteriya a M'matumbo ndi Matenda a Multiple Sclerosis

Funso: Mayi wina wa ku Zomba, amene mng'ono wawo akukhala ku Glasgow ndipo madokotala anamupeza ndi multiple sclerosis, akufuna kudziwa ngati n'zoona kuti nthendayi imayambira m'matumbo, chikhalirecho mavuto ake amaonekera m'maso ndi m'miyendo.

Yankho: Multiple sclerosis, imene ambiri amaitchula mwachidule kuti MS, ndi nthenda imene chitetezo cha m'thupi chimaukira myelin, kachikuto kamafuta kamene kamakuta mitsempha ya mu ubongo ndi ya mumsana monga momwe pulasitiki amakutira waya wamagetsi. Kachikutoka kakawonongeka, uthenga wochokera ku ubongo umachedwa kapena umaduka, ndipo wodwalayo amaona mwachimbuuzi, amachita dzanzi, amafooka miyendo ndiponso amatopa msanga. Dokotala wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, anaifotokoza bwino mu 1868, ndipo pofika mu 2020 inali itagwira anthu pafupifupi 2.8 miliyoni padziko lonse, ambiri mwa iwo akazi.

Matumbo akutchulidwa pankhaniyi chifukwa m'makoma ake mumakhala maselo ochuluka zedi a chitetezo, amene tsiku ndi tsiku amakumana ndi mabakiteriya osawerengeka okhala momwemo, n'kumaphunzira kusiyanitsa mdani ndi mnansi. Mu 2011, gulu la Hartmut Wekerle la ku Max Planck Institute ku Germany linasonyeza kuti mbewa zobadwa ndi chibadwa chotengera nthenda yofanana ndi MS sizinkadwala zikaleredwa m'malo opanda kachilombo kalikonse, koma zinkayamba kudwala mabakiteriya wamba akangolowa m'matumbo mwake. Mu 2017, ofufuzawo anayeza mapasa ofanana 34 awiriawiri, amene mmodzi anali ndi MS pamene mnzake analibe, ndipo mbewa zimene zinapatsidwa mabakiteriya a m'chimbudzi cha odwalawo zinadwala zambiri kuposa zimene zinalandira a anzawo athanzi. Ubwino wofufuza mapasa ndi wakuti chibadwa chawo n'chimodzi, choncho kusiyana kumene kwapezeka sikungakankhiridwe ku mtundu. Kafukufuku wa ku Munich wa mu 2025, amene anatenga mabakiteriya kumapeto kwa matumbo aang'ono, analoza chala mitundu iwiri, Eisenbergiella tayi ndi Lachnoclostridium.

Mayi wa ku Zomba adziwe kuti umboni wamphamvu kwambiri wachokera ku mbewa, ndipo mbewa si munthu. Chimene chingathe kunenedwa molimba mtima n'chakuti mabakiteriya ena amakolezera chitetezo chimene chinali kale ndi mpata wosokonekera, osati kuti iwo okha ndiwo gwero la nthendayi.

Funso: Mphunzitsi wa ku Chipata akufunsa chifukwa chake nthendayi siimveka kawirikawiri kuno, ndiponso ngati nsima ndi ndiwo zamasamba n'zimene zikuteteza anthu.

Yankho: MS ndi yofala m'mayiko ozizira monga Canada, Scotland ndi Sweden, ndipo zina mwa zimene zimakulitsa chiopsezo chake ndi kuchepa kwa vitamini D amene khungu limapanga likawombedwa ndi dzuwa, kusuta fodya, kunenepa kwambiri paunyamata, komanso kachilombo ka Epstein-Barr, kamene kafukufuku wa ku Harvard wa mu 2022 pa asilikali a ku America oposa 10 miliyoni anapeza kuti kamachulukitsa chiopsezo ka 32. Kuno, kusowa kwa makina a MRI, amene amajambula zipsera za mu ubongo, ndiponso kuchepa kwa madokotala a mitsempha, kumachititsanso kuti odwala ena asadziwike. Kutamanda nsima pankhaniyi kungakhale kuthamangira umboni.

Funso: Bambo wina wa ku Johannesburg, amene akazi awo akumwa mankhwala a MS, akufunsa ngati kuli bwino kuwasiyitsa n'kudalira chambiko, yogati ndi makapisozi a mabakiteriya abwino ogulitsidwa m'mafamase.

Yankho: Bambowa asawasiyitse mankhwala, chifukwa mankhwala ovomerezeka a MS anayesedwa pa anthu ambiri n'kupezeka kuti amachepetsa kubwerabwera kwa nthendayi, pamene mtsempha umene wafa subwereranso. Funso lawo lili ndi pogwira ndithu: mabakiteriya akamagaya mbali zosagayika za zakudya monga nyemba, nandolo, mgaiwa ndi masamba, amatulutsa timaasidi tina, kuphatikizapo propionate, timene timathandiza maselo otchedwa regulatory T cells, omwe ntchito yake ndi kuziziritsa chitetezo chikapsa mtima. Mu 2020, ofufuza a ku Bochum anapeza kuti odwala MS anali ndi propionate wochepa, ndipo atawapatsa monga chowonjezera pa mankhwala awo, osati cholowa m'malo mwake, maselo oziziritsawo anachuluka.

Chovuta n'chakuti dzina loti bakiteriya wabwino kapena woipa silikhazikika. Akkermansia muciniphila, amene gulu la Sergio Baranzini la ku San Francisco linamupeza wochuluka mwa odwala mu 2017, anaoneka m'kafukufuku wina wapambuyo pake kuti mitundu yake ina imachepetsa nthendayi pa mbewa. Njira yosamutsa mabakiteriya a m'chimbudzi cha munthu wathanzi kupita mwa wodwala imagwiritsidwa ntchito pochiza kutsekula m'mimba kobwerezabwereza koyambitsidwa ndi bakiteriya wa Clostridioides difficile, koma pa MS idakali yoyesedwa chabe, ndipo kuichita kunyumba kungalowetse tizilombo toopsa m'thupi la munthu amene chitetezo chake chafooketsedwa ndi mankhwala. Akazi a bambowa angadye nyemba ndi chambiko momasuka, koma makapisozi aliwonse ayambe aonetsa dokotala amene akuwathandiza.