N'chifukwa chiyani msoko wa zigizagi suduka?

Tsiku lina ndinasoka tisheti yanga yampira pa makina a amayi ndi msoko wowongoka. Nditangokweza mkono, ulusi unaduka m'khwapa. Amayi anaseka: "Nsalu yotamuka imafuna zigizagi, mwanawe."

Nkhaniyi ndi ya masamu. Makina amasoka ndi ulusi wa m'singano ndi wa m'bobini, ndipo umakolana mkati mwa nsalu. Pa msoko wowongoka, ulusi umatalika pafupifupi mofanana ndi msokowo. Nsalu ikatamuka, ulusi ulibe potamukira, umangoduka basi.

Pa zigizagi, tiyerekeze kuti singano yapita mamilimita 3 kutsogolo ndi 4 cham'mbali. Mukumukumbukira Pythagoras? 9 kuphatikiza 16 ndi 25, ndiye ulusi wake ndi mamilimita 5. Mtunda ndi 3, ulusi ndi 5. Nsalu ikakokeka, timakona tija timayamba tawongoka, ulusi osaduka.

Misoko yambiri yokongoletsa, monga ya tizibango ta pakolala, ndi zigizagi yomweyi, koma m'lifupi mwake mumasinthasintha.

Yesani pa kansalu kotsala: sokani misoko yonse iwiri, mukoke, muone woyamba kuduka.