Sokerani ana zakudya za nsalu zochitira masanje

Mvula ikakhazikika ku Lusaka, madzi amadikha m'misewu ndi m'mabwalo a ku Kanyama, George ndi Chawama, ndipo kawirikawiri amasakanikirana ndi zosefukira m'zimbudzi zokumba. Koma ana sasiya masanje. Matope omwewo amawakanda n'kuwatcha nsima, ena mpaka kulawa. Amene akukumbukira kolera ya 2017 mpaka 2018, kapena ya 2023 mpaka 2024 pamene bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala, sangaone zimenezi mtima uli m'malo. Kuletsa mwana kuphika n'kutaya nthawi. Mpatseni zophika zoti azisewera nazo m'nyumba.

Choyamba, sonkhanitsani nsalu. Atelala a m'misika ya Matero, Mtendere ndi Kalingalinga amatsala ndi tizidutswa ta chitenje tsiku lililonse, apempheni mwaulemu. Malaya akutha a ku salaula ndi masokosi otsala amodziamodzi nawonso ndi chuma. Zonse chapani ndi sopo, ziume padzuwa. Mufunikanso singano, sizasi ndi ulusi wolimba, woupinda kawiri.

Yambani ndi nsima, chifukwa popanda iyo mwana anena kuti sanaphike. Dulani zidutswa ziwiri za nsalu yoyera, zobulungira motalikirako, zazikulu ngati chikhatho chanu. Ziphatikizeni, sokani m'mphepete mothithikana, koma siyani kampata kolowa zala ziwiri. Tembenuzani kuti msoko ubisike m'kati, kenaka lowetsani nsanza zodula tizing'onoting'ono kapena siponji ya matiresi akale. Musadzaze kwambiri: mtanda uzibonyezeka mwana akamayerekeza kutema mbamu. Tsekani kampata kaja ndipo mangani mfundo kawiri. Sokani mitanda inayi kapena isanu, poti pa masanje alendo sasowa.

Tomato savuta. Dulani nsalu yofiira mozungulira, masentimita 15 m'mimba mwake, yendetsani ulusi m'mphepete monse, kokani kuti ikhwinyate, ikani nsanza, mangani, n'kusokerapo kansalu kobiriwira pamwamba. Mukachita chimodzimodzi ndi sokosi yofiirira, mwapeza vitumbuwa. Chibwabwa ndi repu ndi nsalu yobiriwira yopinda kawiri, msoko umodzi pakati ngati mtsempha wa tsamba.

Kapenta ndiye wofuna kusamala. Ana amamukonda, koma kansomba kamodzikamodzi ka nsalu kangatsamwitse wamng'ono. Dulani tinsomba khumi ta nsalu yotuwa, totalika masentimita 5, ndipo tonse tisokereni pa chigamba chimodzi chachikulu kuti tikhale mulu wosapatuka. Maso muwalembe ndi ulusi wakuda. Mabatani ndi mikanda ayi ndithu, makamaka ngati pakhomo pali mwana wosakwana zaka zitatu.

Ena amaika nyemba, mpunga kapena chimanga m'kati kuti chidole chilemere. Ine sindivomereza. M'nyumba za m'komboni nthawi ya dzinja mumakhala chinyontho. Mbewuzo zimachita nkhungu, zimafumbwa, ndipo zimaitana makoswe.

Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akhoza kulowetsa yekha nsanza inu mukusoka, ndipo muzimufunsa ndiwo zimene akufuna. Zivindikiro za mapoto akale zikhale mbale, katoni yoboolaboola ikhale mbaula. Loweruka lililonse chapani zonse, kokani msoko uliwonse kuona ngati wamasuka, ndipo musazisunge zisanaumitsitse.