Loya Wodalirika Timamudziwa Bwanji?

Wamalonda wa ku Balaka kapena ku Liwonde akasumiridwa chifukwa cha ngongole, chuma chake chonse chimakhala m'manja mwa loya amene wamusankha. Choyamba, loyayo akhale ndi digiri ya zamalamulo, monga ya ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, komanso akhale membala wa Malawi Law Society. Chachiwiri, azolowere khoti la milandu ya zamalonda, lomwe lidatsegulidwa mu 2007. Ochita bwino zaka zambiri, Pulezidenti amawapatsa ulemu wa Senior Counsel.

Komabe mapepala okha sakwanira. A Modecai Msisha, SC, adaimira a Lazarus Chakwera pamlandu wa chisankho cha 2019, napambana pa 3 Febuluwale 2020. Atapatsidwa unduna wa zachilungamo chaka chomwecho, adaukana kuti ungaoneke ngati malipiro. Choncho pofuna loya, tifunsenso za khalidwe lake.