Phunziro 17: Dzanja Lofooka Limaphunzira Posewera

M'midzi mwathu, kuyambira ku Ngauma, kudzera ku Mandimba mpaka ku Cuamba, muli ana amene dzanja lawo limodzi silimvera. Zala zimakhala zofumbata, chala chachikulu chili m'kati. Chigongono chimakhala chopinda. Kawirikawiri mwendo wa mbali yomweyo umakokanso. Ku chipatala vutoli amalilemba kuti paralisia cerebral. Phunzirani kuwerenga mawu awiriwa, chifukwa mwina muwapeza pa khadi la mwana wanu.

Vuto silinayambire m'dzanja. Linayambira mu ubongo. Ubongo ndiwo umalamula minofu. Ukavulala mwana ali m'mimba, pobadwa, kapena akadali wakhanda, malamulo ake safika bwino ku dzanja. Ubongo umavulala mwana akabadwa masiku asanakwane, akabanika pobadwa n'kuchedwa kulira, akadwala chikasu chachikulu masiku oyamba, kapenanso akadwala malungo aakulu okomoka nawo. Si ufiti. Si tsempho. Mayi sanalakwe mwambo uliwonse. Ndiponso matendawa sapatsirana, choncho ana ena asewere naye momasuka.

Bala la mu ubongo silikula. Koma dzanja likhoza kuipiraipira. Chifukwa chiyani? Mwana amayesa kugwira chinthu ndi dzanja lofooka, chinthucho n'kugwa. Ayesanso, chigwanso. Kenaka amaona kuti dzanja linalo ndi lachangu, ndiye lofookalo amangolisiya. Dzanja losagwira ntchito limauma ngati chitseko chosatsegulidwa. Ifenso akuluakulu timaonjezera vutoli. Agogo amamva chisoni, namudyetsa, namuveka, namutolera chilichonse. Chifundo chotere n'chochokera pansi pa mtima, koma ine ndiona kuti chimamana dzanjalo sukulu yake.

Ubongo wa mwana wamng'ono umatha kulambula njira zatsopano ngati ntchito ibwerezedwa kambirimbiri. M'chaka cha 2004, Edward Taub ndi anzake a ku Birmingham, m'dziko la America, analengeza zimene anapeza pa ana 18. Theka la anawo anawamanga chikhakha pa dzanja lamphamvu kwa masiku 21, ndipo tsiku lililonse ankawaseweretsa ndi dzanja lofooka kwa maola 6. Ana amenewa anaphunzira kuchita zinthu zatsopano zambiri kuposa anzawo aja. Pambuyo pake akatswiri ena anapeza kuti masewera ofuna manja onse awiri amathandizanso chimodzimodzi, malinga achitike nthawi yokwanira.

Ife kumudzi tilibe maola 6, pakuti kumunda kukutidikira. Chikhakha nachonso si chomanga tokha. Koma masewera tili nawo, ndipo safuna ndalama.

Choyamba mwana akhale bwino. Mwana amene akuopa kugwa sangatambasule dzanja. Mukhazikeni pa kampando, mapazi agunde pansi, msana utsamire. Ngati ndi wamng'ono, mukhazikeni pamphasa pakati pa miyendo yanu. Choseweretsa muchiike kutsogolo kwake, chakumbali ya dzanja lofooka.

Yambani ndi zinthu zazikulu ndi zopepuka. Mpira wachikulunga sugwirika ndi dzanja limodzi, ndiye mwana adzabweretsa lachiwiri yekha, osauzidwa. Ng'oma ndi yabwino kwambiri. Ngati palibe, chigubu chopanda kanthu chikwanira. Inu imbani nyimbo, iye aombe ndi chikhatho chotambasula. Kuomba m'manja nakonso ndi mankhwala.

Dongo ndilo mphunzitsi woposa onse. Mwana akamakanda dongo zala zimatseguka. Akamaliviringa pa thabwa mkono umawongoka. Muumbe naye ng'ombe, miphika, galimoto. Ng'ombeyo ikatuluka ndi miyendo itatu, muitamande ndithu. Pa masanje mupatseni kamtondo ndi kamunsi, kapena agwire mbale ndi dzanja lofooka pamene linalo likutakasa. Nthawi yokolola agwire chimanga ndi dzanja lofooka, atong'ole ndi lamphamvu. Za timiyala ta phada ndi nthanga za bawo zibwere pambuyo, zala zikayamba kumvera, ndipo musazipereke kwa mwana amene amaikabe zinthu m'kamwa.

Ena amaveka sokosi pa dzanja lamphamvu nthawi ya masewera, kuti lofookalo lipeze mpata. Njira imeneyi imathandiza, koma muyambe mwafunsa a fisioterapia. Sokosi ivalidwe kanthawi kochepa, wamkulu ali pomwepo, kutali ndi moto ndi madzi. Musamange dzanja la mwana ndi chingwe kapena chitenje. Musatanyule zala ndi mphamvu, chifukwa minofu yokokedwa mwadzidzidzi imalimba kuposa kale. Mwana akayamba kulira, masewera atha. Mudzayambanso madzulo.

Sewerani pang'ono m'mawa, pang'ono madzulo, tsiku ndi tsiku. Ntchitoyi isagwere mayi yekha. Abambo, achemwali ndi achimwene a mwanayo agawane masiku. Ana anzake ndiwo amatha bwino kuposa ife, popeza iwo satopa kubwereza masewera amodzimodzi.

Tinene zoona. Dzanja lofooka silidzafanana kwenikweni ndi linzake, ndipo kusintha kumaoneka pakapita masabata kapena miyezi. Koma likhoza kukhala dzanja lothandiza: logwira kapu, lokoka kabudula, lopanikiza kope pamene linalo likulemba. Mwana wotere amapita kusukulu ngati anzake.

Mukaona kuti khanda la miyezi 5 kapena 6 limagwira zinthu ndi dzanja limodzi lokhalokha, linalo lili chifumbatire, musadikire kuti likule. Uzani APE wa m'dera lanu, kapena pitani ku chipatala chapafupi. Iwo akhoza kukutumizani ku chipatala cha Cuamba kapena ku chipatala chachikulu cha Lichinga. Ngati mwanayo amagwanso khunyu, nenani, chifukwa mankhwala ake alipo.

Tiwerenge ndi kulemba: dzanja, ubongo, dongo, ng'oma, masewera.

Tikambirane: Kodi kwanu anthu amati chimayambitsa vutoli n'chiyani? Ndi masewera ati a kwanu amene amafuna manja onse awiri? Lembani atatu m'kope mwanu, ndipo mawa mubwere ndi choseweretsa chimodzi chimene mwapanga nokha.