Mawu Amene Timasiya M'galimoto Yakale

Nkhani ino ikuunika mawu amene olankhula Chichewa amagwiritsa ntchito pamene munthu wasiya galimoto yakale n'kutenga ina. Tiona kuti munthu wotere samangosintha chokwera. Amasiyanso mawu amene ankamvana nawo ndi makaniko wake, ndipo amalandira galimoto yolankhula zinthu zimene iye sakuzimva. Zitsanzo zachokera ku magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, chifukwa ndi amene Amalawi ambiri amatenga akatopa ndi galimoto yakale.

Dzina loti galimoto ndi lobwereka. Linapangidwa kuchokera ku mawu a Chiswahili oti gari, amenenso anachokera ku India, ndi mawu oti moto. Mpaka lero dzinali silinakhazikike m'gulu limodzi la mayina. Ambiri amati galimoto yanga, ena amati galimoto langa, ndipo pochulukitsa timamva magalimoto awa komanso galimoto izi. M'nkhani ino tigwiritsa ntchito galimoto yanga ndi magalimoto awa.

Kusintha, kusinthana, kusinthanitsa

M'maiko monga Britain ndi South Africa munthu amapita ndi galimoto yake yakale kwa wogulitsa magalimoto. Wogulitsayo amaiyendera, amaitchulira mtengo, n'kuchotsera mtengowo pa galimoto imene munthuyo akufuna. Munthu amalowa pachipata ndi galimoto ina n'kutuluka ndi ina tsiku lomwelo. Pachingerezi malonda otere ali ndi dzina lawolawo, trade-in.

Chichewa sichisowa njira yotchulira zimenezi. Taonani mmene mneni woti sintha amasinthira:

(1) Bambo asintha galimoto.
(2) Bambo asinthana magalimoto ndi alamu awo.
(3) Bambo asinthanitsa galimoto yawo ndi ina, n'kuwonjezerapo ndalama.

M'chiganizo (1) tangouzidwa kuti galimoto ya lero si ya dzulo ija. Kumene yakale yapita sitikudziwa. M'chiganizo (2) mphatikiri -an- akusonyeza kuti anthu awiri achitirana, wina wapereka ndipo wina wabweza. Chiganizo (3) chili ndi -an- ndi -its- pamodzi, ndipo ndicho chikufotokoza ndendende malonda a ku Britain aja. Komabe pa ziganizo zitatuzi chimene chimamveka kawirikawiri m'tawuni ndi choyamba. Chifukwa chake sichili m'malamulo a chiyankhulo ayi, chili pa msika. Wogulitsa galimoto imene Mmalawi akuifuna ali ku Tokyo kapena ku Nagoya, ndipo amapezeka pa intaneti kudzera m'makampani monga Be Forward ndi SBT. Iyeyo sangalandire Datsun kapena Corolla yakale imene yaima pabwalo ku Chilomoni. Mneni wa -an- amafuna anthu awiri oti apatsane zinthu, koma pano mmodzi akungofuna madola.

Choncho ntchito imene kwina ndi imodzi, kwathu imagawika pawiri: kugulitsa ndi kuitanitsa. Pakati pa ziwirizi pamakhala masabata angapo, nthawi zina miyezi, pamene mwini galimoto amabwerera ku minibasi. Galimoto imakwera sitima ya pamadzi n'kutsikira ku Dar es Salaam kapena ku Durban. Yotsikira ku Dar es Salaam imalowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe ku Karonga, ili ndi nambala yongoyembekezera yoyamba ndi malembo oti IT. Pamenepo pamabwera mneni wina wochititsa chidwi. Kulipira msonkho wa galimoto ku bungwe la MRA timati kuwombola, mawu omwewo amene timanena za munthu wogwidwa ukapolo kapena katundu wa chikole. Amene anawombolapo galimoto sadabwa nawo mawuwa.

Mpata wa pakati pa kugulitsa ndi kuitanitsawu ndi woopsa, pakuti galimoto yakale imagulitsidwa m'makwacha pamene inayo imagulidwa m'madola. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha, dola imodzi n'kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze munthu amene anagulitsa galimoto yake mu Okutobala chaka chimenecho akufuna ina ya madola 3,000. Pa mtengo wakale anafunika K3,540,000, koma atachedwa masabata ochepa anafunika K5,100,000, osawerengera msonkho umenenso umakwera limodzi ndi dola. Wochita malonda a m'chiganizo (3) sakumana ndi vuto limeneli, chifukwa mitengo yonse iwiri imatchulidwa tsiku limodzi, m'ndalama imodzi.

Yatsopano kwa ndani?

Mfotokozi woti -tsopano amasokoneza. Munthu akati wagula galimoto yatsopano, nthawi zambiri satanthauza yochokera kufakitale. Ndi yatsopano pakhomopo. Ku Japan lamulo limati galimoto ya munthu wamba iyezedwe ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyezetsako, kumene iwo amati shaken, n'kokwera mtengo. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene eni ake amagulitsira magalimoto akadali olimba. Amatiyenera ife chifukwa ku Japan nakonso amayenda kumanzere kwa msewu, chiwongolero chili kumanja. Motero galimoto yopangidwa mu 2012 imatha kulowa pakhomo lero anthu n'kuiimbira nthungululu ngati yatsopano. Pofuna kusiyanitsa, olankhula anabwerekanso mawu ena, yanyuwani, ngakhale kuti nawonso ayamba kugwiritsidwa ntchito pa galimoto iliyonse yowala.

Magulu a mayina amathandiza kuweruza kumene mfotokozi walephera. Galimoto yakale ikatopa imasamukira m'gulu la Chi-Zi: chigalimoto, chiphapha. Zimene zikubwera m'malo mwake, monga Vitz, Passo ndi Mira, zimalowa m'gulu la Ka-Ti: kagalimoto, kaVitz, timagalimoto ta masiku ano. Ka- ameneyu ali ndi nkhope ziwiri. Mwini wake akati kagalimoto kanga amakhala akukanyadira kuti sikamwa mafuta. Amalume ake akati kagalimoto kakoka amakhala akukumbukira kuti pa Khirisimasi kanalephera kuwoloka khwawa la kumudzi, ndipo matumba a chimanga anatsala.

Mawu a m'galaja

Apa ndi pamene pali kusintha kwakukulu. Galimoto yakale inakhala pakati pathu nthawi yaitali moti ziwalo zake zinalandira mayina a Chichewa. Mawu a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, ndipo malembo opanda liwu akagundana m'njira yosaloledwa timalowetsa lembo la liwu pakati. N'chifukwa chake tili ndi buleki, pulagi, sipanala, kilatchi, jeke, batire ndi kabuleta. Mawuwa amachulukitsidwa ngati ena onse, mabuleki, mapulagi, ndipo mwana wa pulayimale amatha kuwalemba.

Kuwonjezera pa mayinawa pali aneni amene tinawatenga ku thupi la munthu. Galimoto imamwa mafuta, imatsokomola, imatentha, imakana kudzuka m'mawa, imakalamba, imafa. Kuiyatsa timati kuiliza, ngati kuti umoyo wake uli m'mawu. Izi si zokometsera chabe. Galimoto ya kabuleta inkakonzedwadi ndi khutu. Kabuleta ndi chipangizo chosakaniza mpweya ndi petulo zisanalowe mu injini, ndipo makaniko wa ku Ndirande kapena ku Biwi ankachichuna ndi sikuludiraiva akumvetsera kulira kwa injini. Mwini galimoto ankaima pambali pake akumva zomwezo. Ankatha kunena kuti, "Abwana, ikumatsokomola ndikafika pa chitunda," makaniko n'kuyankha kuti ayambe aona mapulagi. Akatchula mtengo wokwera, mwini galimoto ankatsutsa, popeza vutolo onse awiri analimva ndipo onse awiri ankadziwa dzina lake.

M'galimoto yatsopano mulibe kabuleta. Muli kompyuta imene imalandira uthenga kuchokera ku masensa oyeza mpweya wolowa, utsi wotuluka ndi kazunguliridwe ka injini, n'kugamula yokha kuchuluka kwa mafuta oti apoperedwe. China chikalakwika kagetsi kachikasu kamayaka patsogolo pa dalaivala, ndipo makaniko amati, "Tiyiike pa kompyuta." Makina amene amalumikiza amatsatira dongosolo la OBD-II, limene ku United States linakhala lamulo pa magalimoto ang'onoang'ono atsopano kuyambira mu 1996, ndipo yankho limabwera ngati nambala. P0301 ikutanthauza kuti silinda yoyamba sikuyaka bwino. P0171 ikutanthauza kuti mu injini mukulowa mpweya wambiri poyerekeza ndi mafuta.

Kunena chilungamo, nambala imaposa khutu. Khutu limangomva kutsokomola, pamene nambala imatchula ndi silinda yomwe. Koma nambala imatchula chizindikiro cha matenda, sitchula chiwalo chofunika kusintha. P0171 ingabwere chifukwa cha paipi ya mpweya yong'ambika, sensa yakuda ndi fumbi, kapena pampu ya mafuta yofooka. Paipi ndi yotsika mtengo, pampu ndi yokwera. Mwini galimoto amene sadziwa kuwerenga nambalayo sangafunse chifukwa chimene asankhira pampu. Amangopereka ndalama. Kwa ine apa ndiye pali kutaya kwenikweni: kale anali mnzake wa makaniko pokambirana, tsopano ndi wodwala wongouzidwa mankhwala.

Mayina atsopanowa sakulowa m'Chichewa mofanana. Sensa analowa msanga chifukwa kamvekedwe kake kali ngati ka mawu athu, ndipo tikumva kale masensa. Otomatiki nayenso analowa. Koma ECU, ABS ndi CVT ndi malembo chabe, ndipo munthu sangaganizire ntchito yake pongowamva. CVT ndi mtundu wa giyabokosi wogwiritsa ntchito lamba wachitsulo ndi mapule m'malo mwa magiya a mano, ndipo umafuna oyilo wakewake. Munthu amene kwa iye oyilo wa giyabokosi ndi mmodzi, monga zinalili pa galimoto yake yakale, akhoza kuthira wa otomatiki wamba n'kuwononga chipangizo chokwera mtengo kwambiri. Dzina losamveka limabisa kusiyana kumene kukanamupulumutsa.

Mneni wina akuzilala mwakachetechete, ndiye kukankha. Galimoto yamagiya batire likafooka inkadzutsidwa ndi anyamata atatu ndi kamtsetse. Yaotomatiki siidzuka pokankhidwa, imafuna batire lina ndi mawaya. Sindikunena kuti kukankha kunali kokoma. Amene anakankhapo galimoto m'mawa wa mwezi wa Juni ku Dedza angakonde yodzuka ndi kudina batani kamodzi, yosamwa mafuta, yokhala ndi mabuleki osakanirira pa msewu wonyowa. Ubwino wa galimoto yatsopano ndi weniweni, ndipo owerengeka okha angabwerere m'mbuyo.

Galimoto yolankhula Chijapani

Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amalankhuladi. Ukangoiliza, mawu a mayi amamveka pansi pa chiwongolero. Amachokera m'kabokosi ka ETC, njira yolipirira misewu popanda kuima imene inayamba kugwira ntchito ku Japan mu 2001, ndipo mayiyo amakhala akunena kuti khadi lolipirira silinalowetsedwe. Adzanena zimenezi tsiku lililonse, chifukwa khadilo kuno kulibe, ndipo pa zipata zolipirira za Chingeni ndi Kalinyeke kabokosiko sikadziwika. Mapu a pa sikirini amaonetsa misewu ya ku Japan galimoto ili pa Chichiri. Wailesi nayo ili ndi vuto lake: ku Japan mawailesi a FM kwa zaka zambiri ankaulutsa pakati pa 76 ndi 90 MHz, pamene kuno timagwiritsa ntchito 87.5 mpaka 108. Choncho wailesi ya m'galimoto imangogwira nyumba zoulutsira mawu zochepa za kumunsi, mpaka mwini wake ataika kachipangizo kosuntha manambala kapena atagula wailesi ina. Akaika kachipangizoko, nambala yooneka pa wailesi imasiyana ndi imene muulutsi akutchula.

Chodabwitsa kwa wophunzira ziyankhulo n'chakuti mawu ambiri a m'galimotomo ndi achibale athu. Chijapani nachonso chinabwereka mayina a ziwalo za galimoto ku Chingerezi, ndipo nachonso chimalowetsa malembo a liwu pakati pa malembo opanda liwu. Ife timati buleki, iwo amati bureeki. Ife tayala, iwo taiya. Ife batire, iwo batterii. Ife injini, iwo enjin. Ngakhale mayi wa m'kabokosi uja, ukamvetsera bwino, akunena kaado pamene ife timati khadi. Ziyankhulo ziwiri zotalikirana zinakumana ndi mawu amodzimodzi n'kuwaphwanya m'njira yofanana. Chotchinga ndi kalembedwe. Ajapani amalemba mawu obwereka m'zilembo zotchedwa katakana, zimene zoyambira zake zilipo 46, ndipo pafupifupi chilichonse chimaimira phatikizo limodzi monga ka, ki, ku, ke, ko, mofanana ndi mmene tinaphunzirira kuwerenga mu Sitandade 1.

Sikuti katakana angamasule zonse. Machenjezo a pa sikirini amasakaniza katakana ndi zilembo za kanji zochokera ku China, zimene zilipo zikwizikwi. Mneni, amene amanena chochita, kawirikawiri amakhala m'kanji. Koma dzina la chiwalo chimene chavuta limakhala m'katakana, ndipo kudziwa ngati galimoto ikudandaula za buleki kapena za batire n'kokwanira kuti munthu aganize zoima pomwepo kapena zofika kaye kunyumba. Masiku ano ambiri amangoloza kamera ya foni pa sikirini kuti Google Translate iwamasulire. Buku la malangizo, lija limanena mtundu wa oyilo wa CVT ndi nthawi yomusintha, nthawi zambiri limabwera limodzi ndi galimotoyo, lili m'kabati ka kutsogolo kwa mpando wa kumanzere, masamba ake onse m'Chijapani.