Magetsi a mu ampulifaya yodzipangira: mafunso ndi mayankho

Amene anapangapo ampulifaya pakhomo akulidziwa tsiku lija. Mwawotcherera mpaka pakati pa usiku, mwalumikiza sipika, mwayatsa, ndiye m'malo mwa nyimbo mukumva "mmmm" ngati njuchi zamanga chisa m'bokosi. Ambiri amathamangira kusintha chip, pamene mlandu uli pa kagawidwe ka magetsi pakati pa preamp ndi power amp. Awiriwa amadyera m'mbale imodzi, koma wina ndi wadyera, mnzake ndi wosankha zakudya.

Kodi thiransifoma imodzi ingadyetse preamp ndi power amp pamodzi?

Inde. Preamp imadya pang'ono zedi: TL072 imodzi imakoka pafupifupi 3 mA, NE5532 pafupifupi 8 mA. Thiransifoma yokhoza kunyamula power amp siimva n'komwe kuti pabwera mlendo. Chimene simungachite ndi kulumikiza preamp mwachindunji ku mawaya a power amp. TL072 yanthawi zonse malire ake ndi ±18 V, NE5532 ndi ±22 V. Mukaipatsa ±35 V imafa nthawi yomweyo.

Thiransifoma yalembedwa 25-0-25, nanga bwanji mita ikuwerenga 35 V?

Mita sikunama. Nambala ya pa thiransifoma ndi ya AC. Magetsi akadutsa pa bridge n'kulowa m'makapasita, amadzaza mpaka pansonga, kutanthauza kuchulukitsa ndi 1.414 n'kuchotsapo pafupifupi 1 V ya madayodi. Choncho 25-0-25 imapereka pafupifupi ±35 V, 18-0-18 imapereka pafupifupi ±25 V, ndipo 12-0-12 imapereka ±16 V.

Werengani zimenezi musanagule kanthu. TDA2030A malire ake ndi ±22 V, ndiye 15-0-15 yaiyika kale m'mphepete mwa phompho; 12-0-12 ndiyo yoyenera. LM3886 imatulutsa mawati 68 pa sipika ya 4 ohm ikapatsidwa ±28 V, zomwe zimachokera ku 20-0-20. TDA7294 imagwira ntchito mpaka ±40 V. Kumbukiraninso kuti 230 V ya ESCOM siikhala pamalo amodzi, jenereta ndiye kaya. Magetsi a ku soketi akakwera ndi 10 peresenti, mkati mwa ampulifaya akweranso chimodzimodzi. N'chifukwa chake pa ±35 V timaika makapasita a 50 V, osati a 35 V.

Ndingawatsitse bwanji kuti preamp ipeze ±15 V?

Njira yodziwika ndi ma regulator: 7815 kumbali ya plus ndi 7915 kumbali ya minus. Koma onsewa salola kupitirira 35 V polowera, ndiye ngati magetsi anu ali pomwepo, ikani rezista ya 470 ohm patsogolo pa regulator iliyonse, kenako kapasita ya 470 µF kupita ku ground. Preamp ndi regulator zikamakoka 15 mA, rezistayo imatsitsa pafupifupi 7 V, ndipo imasefanso phokoso limene power amp imasiya pa waya bass ikagunda.

Ngati preamp yanu ili ndi chip imodzi kapena ziwiri, zener ya 15 V ndi rezista ya 1k ya mawati 2 zimakwana, ndiponso n'zotsika mtengo. Njira iliyonse imene mwasankha, pafupi ndi miyendo ya magetsi ya chip iliyonse pakhale kakapasita ka 100 nF.

Chenjezo limene ndinaliphunzira ndi chala changa: 7815 ndi 7915 amafanana nkhope ngati mapasa, koma miyendo yawo ndi yosiyana. Mukayang'ana mbali yolembedwa, 7815 imayamba ndi polowera, ground, potulukira. 7915 imayamba ndi ground, polowera, potulukira. Ine ndinawawotcherera mofanana, n'kugwira kuti ndimve ngati ikutentha. Thuza linakhala sabata yathunthu.

Nanga kugula kathiransifoma kena ka preamp yokha n'kuwononga ndalama?

Pa tone control wamba, inde. Kamathandiza pamene preamp ikukweza mawu a maikolofoni, poti pamenepo kaphokoso kalikonse kamakwezedwa nawo, kapena pamene magetsi a power amp apitirira ±40 V. Ka 15-0-15 kakang'ono kamapereka pafupifupi ±20 V, zomwe 7815 ndi 7915 amazilandira bwino, popeza amangofuna mavolti awiri kapena atatu pamwamba pa 15.

Mavolti onse ali bwino, koma sipika ikung'ung'udzabe. Vuto lili pati?

Pa ground, nthawi zambiri. Timaganiza kuti waya wa ground ndi ziro paliponse, koma waya aliyense ali ndi resistance yake, ingachepe bwanji. Makapasita akuluakulu aja sadzaza mofatsa. Amameza magetsi mwakaphulikaphulika, maulendo 100 pa sekondi pa magetsi athu a 50 Hz, ndipo kumeza kulikonse ndi ma ampere angapo odutsa pa waya wochokera pakati pa thiransifoma kupita pamene kapasita ya plus ndi ya minus zikumana. Mukalumikiza ground ya preamp penapake pa waya ameneyu, timamilivolti timene tikubadwa pamenepo timalowa ngati nyimbo, power amp n'kutikweza kambirimbiri.

Mankhwala ake ndi awa. Waya wapakati wa thiransifoma upite molunjika pokumana makapasita, ukhale wonenepa ndi waufupi, ndipo pasapachikidwe china chilichonse. Kuchokera pokumanapo tulutsani kawaya kafupi, ndipo kumapeto kwake ndi pamene ma ground onse akumane: wa sipika yakumanzere, wa yakumanja, wa bolodi iliyonse ya power amp, wa preamp, aliyense ndi waya wakewake. Osawalumikiza mondondozana ngati mikanda. Masoketi a RCA asakhudze chitsulo cha bokosi. Ground ikhudze bokosi pamalo amodzi okha.

Khutu lingakuuzeni zambiri. Phokoso lokhakhala, lokhala ngati "zzzz", limachokera ku kumeza kwa makapasita kuja kapena ku kuchepa kwawo. Lofewa, lapansipansi, ndi 50 Hz ya thiransifoma ikulowa m'mawaya a mawu. Likakhala limeneli, potanizani mawaya a AC awiriawiri, sunthani preamp ipite kungodya ina ya bokosi, ndipo yesani kutembenuza thiransifoma pang'onopang'ono mukumvetsera. Lumikizaninso polowera pa power amp ndi ground: kukati zii, fufuzani ku preamp ndi mawaya ake.

Pali amisiri ena amene amadula waya wa earth ku pulagi phokoso likawavuta. Nthawi zina limathadi. Koma tsiku limene waya wa 230 V udzakhudze bokosi, wogwira maikolofoni kutchalitchi ndiye adzakhale earth.

Ma power amp awiri a stereo afunika bridge iwiri?

Ayi, imodzi yamphamvu ikwana, yomangidwa pachitsulo kuti izizizira. Bolodi iliyonse itenge plus, minus ndi ground yake kuchokera ku makapasita, osati kudutsira pa inzake. Pa mawati 50 mbali iliyonse, thiransifoma ya 200 VA ndi makapasita a 10,000 µF ku plus ndi ku minus zimakupatsani mtendere. Ku mbali ya 230 V kukhale fyuzi yochedwa kupsa, makamaka ngati thiransifoma ndi yozungulira ija, imene imakoka kwambiri poyatsa.

Ndikayatsa sipika imati "phu!" Kodi n'zoopsa?

Zimafupikitsa moyo wa sipika. Plus ndi minus ya preamp sizifika nthawi imodzi, ndipo power amp imakweza kusiyanako. TDA7294 ili ndi miyendo ya standby ndi mute, wa 9 ndi wa 10, imene rezista ndi kapasita zimatha kuichedwetsa. Kuposa apo ndi relay yolumikiza sipika patapita masekondi awiri kapena atatu. Tibolodi ta uPC1237 timachita zimenezi, ndiponso timadula sipika DC ikatulukira.

Kwathu kulibe ESCOM, tili ndi batire la sola. Zitheka?

Zitheka, koma ndi chip zina. TPA3116D2 imagwira kuyambira 4.5 V mpaka 26 V popanda minus, ndipo popeza ndi class D siimwa batire mwachabe. Dziwani malire: pa 12 V, sipika ya 4 ohm singalandire mawati opitirira 18 mawu asanayambe kusweka, kaya pabokosi palembedwa 1000 W. Mabatire awiri olumikizidwa kupanga 24 V amachulukitsa mphamvuyo pafupifupi kanayi, koma potchaja amafika 28 V n'kupitirira, ndiye pamafunika chotsitsira. Preamp ya batire limodzi imafuna pakati pongopanga: marezista awiri ofanana ogawa 12 V kukhala 6 V, ndi kapasita yowakhazika mtima.

Ndamaliza kumanga. Ndiyatse bwanji ulendo woyamba?

Osalumikiza sipika. Ikani babu la 60 W pa waya wa live, magetsi adutse m'babumo asanafike ku thiransifoma. Likhale babu lakale lija lawaya mkati. La LED siligwira ntchito imeneyi, choncho mukalipeza lakalelo lisungeni. Likawala kamphindi n'kuzilala, zili bwino. Likangowalabe, zimitsani, penapake pagundana. Yambani kuyang'ana pa heat sink: chitsulo chakumbuyo kwa TDA2030A ndi TDA7294 n'cholumikizidwa ku minus, ndiye popanda mica ndi kapulasitiki ka pa sikuluwu, minus yanu yakhudza bokosi.

Kenako yezani plus, minus ndi ±15 V ya preamp, ndipo yezani DC potulukira sipika. Ikakhala yosapitirira 50 mV, lumikizani kasipika kakale kamene simungakalire. Mukazimitsa, makapasita amasungabe magetsi kwa nthawi. Musawagundanitse ndi sikuludilaiva. Wotchererani rezista ya 4.7k ya wati imodzi pa kapasita iliyonse, ndipo musanalowetse dzanja yezani kaye ndi mita.