Phunziro la Lero: DT 125 kapena Boxer, Tigule Iti?

Tsekani makope kaye, mundimvetsere. Tiyerekeze kuti mwasunga ndalama movutikira, ndipo pamaso panu paima njinga zamoto ziwiri zogwirapo kale ntchito, Yamaha DT 125 ndi Bajaj Boxer, mitengo yake yosasiyana kwenikweni. Mukufuna yoyendera mumzinda wa Lilongwe, kuchoka ku Area 25 kupita kuntchito ku Old Town tsiku ndi tsiku. Mutenga iti?

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu maso ali pa DT, poti mwakula mukuiona ndi alangizi a zaulimi ndi azaumoyo. Ndi njinga yolimbadi, yaitali, yopangidwira misewu ya fumbi ndi matope. Koma injini yake ndi ya two-stroke, ndiye kuti imawotcha oyilo pamodzi ndi petulo. Oyilo wa 2T amakhala m'kathanki kakekake, ndipo kapampu kamamutumiza mu injini pang'onopang'ono. Kapampuko kakafa, kapena mwaiwala kuthira oyilo, pisitoni imauma n'kumatirira, basi injini yawonongeka. Petulo nayenso imamwa wochuluka, makamaka poimaima pa mizere ya magalimoto m'mawa.

Boxer ndi ya ku India, ya four-stroke. Oyilo amakhala m'mimba mwa injini, mumangomusintha nthawi ikakwana. Siimwa mafuta ambiri, ndi yaifupi moti mapazi amafika pansi bwino, ndipo amakaniko ambiri anaizolowera. Pa tara wa m'tauni, ine ndingatenge Boxer.

Komatu ichi ndi chiyambi chabe, ana anga. Boxer imene yakhala pa kabaza, kunyamula anthu awiriawiri ndi matumba a makala, ingakhale yotopa kuposa DT imene inkasamalidwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: penti yatsopano isakunyengeni, ngakhalenso makilomita a pa wotchi, chifukwa anthu amawabweza.

Pokaona njinga kwa wogulitsa, pitani m'mawa, mukagwire injini ndi dzanja. Ikhale yozizira. Wogulitsa amene wayamba waitenthetsa inu musanafike kawirikawiri amakhala akubisa vuto la kulira. Muilize nokha, kenako yang'anani kumbuyo. Apa mumvetsetse: utsi wabuluu pang'ono pa DT ndi chibadwa chake, koma utsi womwewo pa Boxer kawirikawiri umatanthauza kuti maring'i atha ndipo oyilo akulowa kumene sayenera kulowa. Zikatero, onjezani mtengo wokonzetsera injini pa mtengo wa njingayo, muone ngati idakali yotchipa.

Gwadani muone tcheni ndi sipuroketi. Mano akasongoka n'kupindika, zonse ziwiri n'zosintha. Mashoko akutsogolo asakhale onyowa ndi oyilo. Pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. 2419 ndiye kuti sabata ya 24 m'chaka cha 2019. Tayala lokalamba limaterera pa tara wonyowa ngakhale mizere yake ikuonekabe. Potsiriza muiyendetse, muone ngati ikukokera mbali imodzi, chimene chingasonyeze kuti inachitapo ngozi n'kupinda felemu.

Chimene chimandiwawa mtima ndi nkhani ya mapepala, chifukwa achinyamata ambiri ataya chuma pamenepa. Nambala ya injini ndi ya felemu zifanane ndi zimene zalembedwa mu blue book, ndipo dzina la mwini likhale la munthu amene akukugulitsaniyo. Njinga zambiri zimalowa m'dziko muno kudzera njira zachidule, zopanda msonkho wa MRA, zina ndi zakuba. Mukagula yotere simungailembetse ku Road Traffic m'dzina lanu, ndipo apolisi akaigwira, wolira ndinu.

Tsono yankho langa ndi ili: ngati zonse ziwiri zili bwino ndipo mapepala ndi oona, tengani Boxer. Ngati ya mapepala oona ndi DT yokha, tengani DT, ndipo musiyeko ndalama ya inshuwalansi ndi chipewa choteteza mutu musanaikwere pamsewu.